Ku Timor-Leste mtunda umayezedwa ndi maola

Kunja kusanayere, depoti ya Taibessi mumzinda wa Dili imakhala itadzaza kale. Amayi amafika ndi madengu, anyamata amakweza matumba a mpunga, zigubu za mafuta ophikira ndi mitolo ya malata padenga la basi, uku makondakitala akuitanira mayina a malo a kumapiri: Aileu, Maubisse, Ainaro, Same. Mlendo amene watambasula mapu n'kuona kuti tauni ya Maubisse ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 okha amaganiza kuti akamwera tiyi komweko. Koma akafunsa dalaivala za nthawi yofikira, yankho limadalira zinthu zitatu: nthawi imene basi idzaze, ngati kumtunda kwagwa mvula usiku, komanso ngati phiri silinagumukire mumsewu.

Timor-Leste ndi dziko laling'ono la m'mbali mwa nyanja lomwe lili pakati pa Indonesia ndi Australia. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 15,000, kutanthauza kuti ndi locheperako poyerekeza ndi Eswatini, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2022 adapeza kuti muli anthu oposa 1.3 miliyoni. Njanji mulibe. Pafupifupi aliyense wofuna kuyenda, kaya ndi nduna ya boma, mlangizi wa zaulimi kapena mlendo wochokera kutali, amadalira msewu kapena nyanja.

Kaamba ka ichi, munthu wocheza m'dzikoli amaphunzira msanga chinthu chimene mapu sanena. Chimene chimamuchedwetsa iye kwa tsiku limodzi ndicho chimene mlimi wa kumeneko amalimbana nacho chaka chathunthu. Kuyenda m'dzikoli ndi njira yoonera ndi maso momwe msewu umagamulira mtengo wa khofi, nthawi yomwe mayi woyembekezera afike kuchipatala, ndiponso ngati chakudya chifike kumudzi m'miyezi ya njala.

Chilumba chooneka ngati ng'ona

Dzikoli lidatenga theka la kum'mawa la chilumba cha Timor, kuphatikizapo zilumba ziwiri za Ataúro ndi Jaco, komanso chigawo cha Oecusse chomwe chidazunguliridwa ndi Indonesia kumbali zonse zapamtunda. Nthano ya makolo a kumeneko imati chilumbachi chidali ng'ona yomwe idasanduka nthaka pothokoza mnyamata amene adaipulumutsa, ndipo mapiri omwe adatandalala pakati pa dziko ndiwo msana wake. Phiri lalitali kuposa onse, Ramelau, lomwe ena amalitcha Tatamailau, lidatalika mamita pafupifupi 3,000, kuchepera pang'ono nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje.

Msana umenewu ndiwo umagawa dziko pawiri. Nyanja ya kumpoto, yomwe imakhala yabata, anthu amaitcha Tasi Feto, kutanthauza nyanja yaikazi. Ya kumwera, ya mafunde aukali, amaitcha Tasi Mane, nyanja yaimuna. Kuchoka kunyanja ina kupita kuinzake si mtunda wautali, koma msewu uliwonse umayenera kukwera ndi kutsika mapiri otsetsereka, a nthaka yosachedwa kugumuka.

Mbiri nayo idasiya zipsera pamisewu. Dzikoli lidalamulidwa ndi Apwitikizi kwa zaka mazana angapo, ndipo litalengeza ufulu wake pa 28 Novembala 1975, asilikali a Indonesia adalilanda pa 7 Disembala chaka chomwecho. M'zaka 24 zotsatira, ena mwa atsogoleri ake adakhala ku Mozambique; mmodzi mwa iwo ndi Mari Alkatiri, yemwe adadzakhala nduna yaikulu yoyamba ufulu utabwezeretsedwa. Pa riferendamu ya pa 30 Ogasiti 1999, anthu 78.5 pa 100 alionse adasankha kudzilamulira, koma magulu a zigawenga omwe ankathandizidwa ndi asilikali a Indonesia adatentha nyumba, sukulu, zipatala ndi maofesi ambiri asanachoke. Pamene ufulu unkabwezeretsedwa pa 20 Meyi 2002, boma latsopano lidayenera kuyamba pafupifupi chilichonse kuchokera pansi, ndipo misewu ya kumidzi idakhala zaka zambiri popanda woisamalira.

Polowera ndi mumzinda wa Dili

Alendo ambiri amatera pabwalo la ndege la Presidente Nicolau Lobato ku Dili, ndipo kawirikawiri amadzera ku Bali m'dziko la Indonesia kapena ku Darwin m'dziko la Australia. Ena amalowa pamtunda kudzera pachipata cha Batugade, kumalire a kumadzulo. Ndalama yogwiritsidwa ntchito ndi dola ya dziko la America, koma makobidi ang'onoang'ono, otchedwa centavo, ndi a dziko lomwelo. Galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu monga zimachitira m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa.

Mumzinda, anthu wamba amayenda pa timinibasi totchedwa mikrolet. Kalikonse kali ndi nambala ndi mtundu wa penti wosonyeza njira yake, ndipo kamaima paliponse pomwe munthu wakweza mkono. Wofuna kutsika sakuwa. Amangogogoda ndi kobidi pachitsulo chogwirira, dalaivala n'kuima. Kwa zaka zambiri mtengo wa ulendo umodzi udakhala macentavo 25, omwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a dola. Kukada timinibasiti timasowa mumsewu, choncho mlendo wanzeru amakonza zobwerera kumalo ogona dzuwa lisanalowe. Aliponso matakisi achikasu, omwe mtengo wake umayenera kukambidwa munthu asanakwere, pakuti kukambirana atafika kale kumabala mkangano.

Wofuna kutuluka mumzinda ayenera kudziwa kuti madepoti alipo atatu, ndipo aliyense ali ndi mbali yake. Mabasi a kum'mawa, opita ku Baucau, Viqueque ndi Lospalos, amanyamukira ku Becora. A kumadzulo, opita ku Liquiçá, Ermera ndi Maliana, amanyamukira ku Tasitolu, pabwalo pomwe Papa Francis adachitira misa pamaso pa anthu pafupifupi 600,000 mu Seputembala 2024. A kumapiri ndi kumwera ndiwo a ku Taibessi. Ndondomeko ya nthawi yolembedwa palibe. Basi imanyamuka ikadzaza, ndipo nthawi zina imayamba yazungulirazungulira mumzinda kufunafuna okwera. Ambiri mwa mabasiwa amanyamuka m'mamawa, motero wofika padepoti dzuwa litakwera akhoza kupeza onse atapita.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja

Ulendo wosavuta kuposa onse ndi wa kum'mawa, wochoka ku Dili kupita ku Baucau, mzinda wachiwiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Msewuwu umadutsa kuseri kwa phiri lomwe pali chiboliboli cha Cristo Rei, chotalika mamita 27, kenako umakhotakhota pamwamba pa maphompho, nyanja ili m'munsi kudzanja lamanzere. Ku Manatuto mapiri amapatuka n'kusiya chigwa cha minda ya mpunga, momwe njati zoweta zimaponda matope pokonza nthaka. M'mbali mwa msewu amayi amagulitsa nsomba zootcha ndi mpunga wophikidwa m'timitanga toluka ndi masamba a kokonati.

Kale ulendowu unkatenga gawo lalikulu la tsiku chifukwa cha maenje. Msewuwu udakonzedwanso ndi ngongole zochokera ku Japan ndi ku banki ya Asian Development Bank, ndipo tsopano galimoto yaing'ono imafika ku Baucau m'maola osaposa atatu. Phindu lake limaoneka pamsika: masamba ndi nsomba zimafika ku Dili zisanafote kapena kuwola.

Kupitirira Baucau, mabasi amayamba kuchepa. Kumapeto kwenikweni kwa chilumba kuli mudzi wa Tutuala, m'kati mwa malo otetezedwa a Nino Konis Santana omwe adakhazikitsidwa m'chaka cha 2007. Kuchokera pamudziwu njira imatsetsereka kukafika kugombe la Valu, komwe asodzi amawolotsa alendo pamaboti awo kupita pachilumba cha Jaco. Chilumbachi ndi chopatulika kwa eni dera: palibe amene amakhalapo, ndipo mlendo saloledwa kugonapo. Ndalama yowolokera imalowa m'manja mwa asodzi eni ake, ndipo malo ogona a pagombepo amayendetsedwa ndi anthu a m'deralo. Apa mlendo amaona kuti akasankha boti la msodzi ndi chakudya chophikidwa pamudzi, ndalama yake imatsala pomwe wapondapo.

Kukwera kumapiri a khofi

Ulendo wopita kumwera ndiwo umaonetsa nkhope yeniyeni ya dzikoli. Basi ikangotuluka mu Dili imayamba kukwera, ndipo pasanathe ola limodzi kutentha kwa kunyanja kumasanduka kamphepo kozizira. Msewu waukulu wa Dili mpaka Ainaro, wa makilomita pafupifupi 110, udamangidwanso ndi thandizo la World Bank, ndipo omanga adaika mtima kwambiri pa ngalande ndi zipupa zotchinga nthaka. Ku Maubisse, tauni yomwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,400 kuchokera pomwe pali nyanja, usiku kumazizira moti mlendo wobwera ndi malaya opyapyala okha amagona maso.

Komwe tara wathera, basi nayo imathera pomwepo. Kupitirira apo anthu amakwera malole otchedwa angguna, omwe kumbuyo kwake adaikako mabenchi ndi zitsulo zogwirira. Aliyense amene adakwerapo matola sangaone chachilendo: anthu, mbuzi, nkhuku ndi matumba zimakwera limodzi, ndipo lole ikatitimira m'matope amuna amatsika kukankha. Kumidzi ina angguna imafika patsiku la msika lokha. Komwe lole singafike, katundu amanyamulidwa pa timahatchi tating'ono ta m'dzikoli, panjinga zamoto kapena pamutu.

Alendo ambiri amadzera njira zoterezi pofuna kukafika ku Hato Builico, mudzi wa m'tsinde mwa Ramelau. Okwera phirili amanyamuka pakati pa usiku ndi wowatsogolera wa m'mudzimo, n'kuyenda maola pafupifupi atatu kuti dzuwa liwatulukire ali pansonga, pomwe pali chiboliboli cha Maria Virigo. Kukakhala kopanda mitambo, munthu amaona nyanja zonse ziwiri ali malo amodzi, ndipo m'pamene amamvetsa kuchepa kwa dzikoli ndi kuvuta kwake.

M'mapiri amenewa, makamaka m'maboma a Ermera, Aileu ndi Ainaro, ndimo mumalimidwa khofi, mbewu yomwe imabweretsa ndalama zambiri zakunja tikachotsapo mafuta ndi gasi. Alimi ake ndi ang'onoang'ono, ndipo khofi wawo amamera pansi pa mitengo ikuluikulu ya mthunzi, kawirikawiri popanda feteleza. Kukolola kumachitika m'miyezi ya chilimwe, kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala. Apa ndi pomwe msewu umasanduka ndalama. Zipatso za khofi zikathyoledwa ziyenera kusendedwa pasanathe tsiku, apo ayi zimayamba kusasa ndipo khofi amatsika mtengo. Mabungwe ogula, monga kopaletivi ya Cooperativa Café Timor, amatumiza malole kukatenga zipatsozi m'mbali mwa misewu. Mlimi amene munda wake uli pafupi ndi msewu wodutsika amagulitsa tsiku lomwelo. Mnzake wa kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho amasenza thumba kwa maola angapo, kapena amagulitsa motchipa kwa aliyense amene wafika pakhomo.

Mapiriwa ali paubale ndi minda ya kuno kumwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1920, pachilumba cha Timor padapezeka mtengo wa khofi womwe udabadwa wokha pamene mitundu ya arabica ndi robusta idakwatirana, ndipo udali wopirira ku matenda a dzimbiri omwe amayoyola masamba. Akatswiri a ku Portugal adaukwatitsa ndi mtundu wa Caturra n'kupeza mtundu wa Catimor, dzina lomwe lidaphatikiza mayina awiriwo. Khofi wa Catimor 129, yemwe amadziwikanso kuti Nyika ndipo amalimidwa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, adachokera ku mtengo umenewo. Mlimi wa ku Misuku kapena ku Phoka akadzafika ku Ermera, adzakhala atafika kwawo kwa mbewu yake.

Mvula ikagwa

Kumpoto mvula imagwa kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, pamene kumwera imapitirira mpaka pakati pa chaka. M'chilimwe mitsinje yambiri imakhala mchenga ndi miyala yokhayokha, ndipo galimoto zimadutsa m'kati mwake ngati mumsewu. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinje womwewo umadzaza m'kanthawi kochepa, ngakhale pomwe pali wapaulendoyo pasanagwe dontho. Madalaivala odziwa amaima pagombe n'kudikira kuti madzi aphwe, ndipo mlendo wowakakamiza kuwoloka amaika miyoyo ya anthu onse pachiswe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 4 Epulo 2021, tsiku la Pasaka, namondwe wa Seroja adagwetsa mvula yomwe idasefukiza mitsinje ya mu Dili ndi kugumula mapiri m'maboma ambiri. Anthu oposa 40 adamwalira, zikwi zambiri adasowa pokhala, ndipo misewu ndi milatho zidaduka. Amene adaona zomwe namondwe wa Freddy adachita m'mapiri a kumwera kwa Malawi ndi ku Mozambique m'chaka cha 2023 akudziwa tanthauzo la mudzi kukhala wosafikika pamene thandizo likufunika kwambiri.

Choopsa china n'chakuti miyezi ya mvula ndiyo miyezi ya njala, pamene chimanga chakale chatha ndipo chatsopano chisanache. Nthawi imene banja la kumapiri likufunika kugula mpunga kusitolo ndiyo nthawi yomwe lole yobweretsa mpungayo imalephera kukwera. Msewu ukaduka, mtengo wa chakudya umakwera tsiku lomwelo.

Ulendo wa panyanja

Madera awiri a dzikoli amadalira sitima. Chilumba cha Ataúro chimaoneka bwino munthu ali ku Dili, pamtunda wa makilomita pafupifupi 25. Sitima yaikulu imatenga maola awiri kapena atatu, pamene maboti othamanga amafika msanga koma pamtengo wokwera. Sitima ya Berlin Nakroma idaperekedwa ndi dziko la Germany m'chaka cha 2007, ndipo inzake, Berlin Ramelau, idafika m'chaka cha 2021. Loweruka ndilo tsiku la msika waukulu ku Beloi, pomwe anthu a pachilumbachi amagulitsa nsomba zouma, ndere za m'nyanja ndi zosemasema kwa obwera pasitima. Pachilumbapo anthu amayenda pa njinga zamoto za mateyala atatu, pamaboti kapena wapansi. Cha mu Okutobala ndi Novembala anamgumi amadutsa m'nyanja yakuya ya pakati pa chilumbachi ndi Dili, ndipo okwera boti amatha kuwaona.

Chigawo cha Oecusse ndi nkhani ina. Kumeneku ndi komwe Apwitikizi adayamba kukhazikika, ndipo likulu lawo lidali ku Lifau mpaka m'chaka cha 1769 pomwe adasamukira ku Dili. Wopita kumeneko pamtunda amayenera kutuluka m'dziko, kudutsa mu Indonesia, n'kulowanso, zomwe zimafuna ziphaso zokwanira. Anthu wamba ambiri amasankha sitima, yomwe imayenda usiku wonse, maola pafupifupi 12. Nyanja ikalusa kapena sitima ikawonongeka, ulendo umalephereka, motero mlendo asakonze zodzakwera ndege yobwerera kwawo m'mawa mwake.

Pali chenjezo lina la pagombe. M'nyanja ndi m'mathiriro a mitsinje, makamaka kumwera ndi kum'mawa, muli ng'ona za m'madzi amchere zomwe zimapha anthu. Eni dziko amaitcha ng'ona kuti Avô, kutanthauza agogo, ndipo ambiri salola kuti iphedwe. Mlendo asalowe m'madzi asanafunse anthu a pamalopo. Paja safunsa adadya phula.

Misewu iwiri, maphunziro awiri

Ndalama zambiri zomangira misewu zimachokera ku thumba la ndalama za mafuta lomwe boma lidakhazikitsa m'chaka cha 2005. Koma chitsime cha Bayu-Undan, chomwe chinkadzaza thumbali, chidasiya kutulutsa gasi m'chaka cha 2025. Funso la komwe dola iliyonse ipite tsopano ndi lalikulu, ndipo mlendo woyenda m'dzikoli amatha kuona mayankho awiri osiyana.

Yankho loyamba lili kumwera, pafupi ndi tauni ya Suai. Kumeneko kuli msewu waukulu wa mizere inayi, wotalika makilomita pafupifupi 30, womwe udatsegulidwa m'chaka cha 2018 utadya madola pafupifupi 300 miliyoni, kutanthauza madola 10 miliyoni pa kilomita iliyonse. Udamangidwa ngati gawo la ntchito ya Tasi Mane, yofuna kukhazikitsa mafakitale a mafuta ndi gasi kugombe la kumwera. Mafakitalewo akudikira gasi wa m'chitsime cha Greater Sunrise, yemwe sanayambe kukumbidwa. Galimoto zodutsa pamsewuwu ndi zowerengeka, ndipo pasanapite nthawi yaitali utatsegulidwa, mbali zina zidawonongeka ndi mvula ndi kugumuka kwa nthaka. Oikira kumbuyo ntchitoyi amati msewuwu ndi maziko a chuma cha mawa. Otsutsa amati ndalamazo zikadakonza misewu yambirimbiri ya kumidzi.

Yankho lachiwiri silioneka pazithunzi zokopa alendo. M'chaka cha 2012, boma, mothandizidwa ndi dziko la Australia ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lidayambitsa ndondomeko ya misewu ya kumidzi yotchedwa Roads for Development. M'malo modalira makina akuluakulu okha, ndondomekoyi idaphunzitsa makontirakitala ang'onoang'ono a m'maboma, omwe ankalemba ntchito anthu a m'midzi yomwe msewu ukudutsa, amayi ndi abambo omwe. Pamalo otsetsereka kwambiri ankathira konkire, pamitsinje ing'onoing'ono ankaika makalavati, ndipo msewu ukatha ankakhazikitsa magulu a m'mudzi olipidwa kuti aziusamalira. Ntchito ya maguluwa ndi yodziwika kwa aliyense amene adagwirapo ntchito za misewu za MASAF ku Malawi: kuchotsa dothi ndi zinyalala m'ngalande, kutchetcha udzu, kukwirira maenje adakali aang'ono ndi kufosholo dothi lomwe lagumukira mumsewu.

Phunziro lake ndi la madzi. Pamalo otsetsereka, msewu suwonongedwa kwenikweni ndi mateyala. Umawonongedwa ndi madzi osowa kolowera. Ngalande ikatsekeka, madzi amayenda pamwamba pa msewu, amakumba kamfuleni, ndipo mvula ziwiri kapena zitatu zikagwa kamfuleniko kamasanduka chigwembe choti lole singadutse. Ntchito yomwe anthu asanu akadaimaliza ndi makasu m'mawa umodzi imadzafuna makina ndi ndalama zankhaninkhani. Ndiponso minda ya pamwamba pa msewu ikalimidwa popanda akalozera kapena mitengo, dothi lake ndilo limatsikira m'ngalandezo. Choncho kusamala msewu wa kumapiri kumayambira m'munda.

Ulemu wa mlendo

Zilankhulo za boma ndi Chitetum ndi Chipwitikizi, ndipo aliyense wodziwa moni wa ku Mozambique sasochera. M'mawa amati bondia, masana botarde. Mwamuna pothokoza amati obrigadu, mkazi obrigada. Mwamuna wamkulu amatchulidwa kuti maun, kutanthauza achimwene, ndipo mkazi ndi mana, achemwali. Ana akaona mlendo amakuwa kuti malae, ndipo si chipongwe ayi.

Wofika pamudzi ndi ntchito ayenera kuyamba waonekera kwa mfumu ya dera, yomwe amaitcha xefe suku. M'midzi yambiri muli nyumba zopatulika za makolo, uma lulik, zomwe munthu salowamo kapena kuzijambula popanda chilolezo. Palinso lamulo la makolo lotchedwa tara bandu: anthu a m'mudzi akagwirizana zoletsa kudula mitengo, kutentha tchire kapena kuwedza pamalo ena, amapachika zizindikiro pamtengo pamwambo wapoyera, ndipo wophwanya amalipa chindapusa, nthawi zambiri cha chiweto. Ku Ataúro midzi ina idagwiritsa ntchito lamuloli poteteza malo oswanirana nsomba, ndipo mlendo wofuna kusambira pamalopo amapereka kandalama kochepa ku thumba la mudzi.

Pa zokonzekera, nthawi yabwino yoyendera ndi chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Novembala. Mlendo atenge ndalama zing'onozing'ono zokwanira asanachoke ku Dili, poti kumaboma makina otapira ndalama ndi osowa ndipo wogulitsa pamsika sakhala ndi chenji cha pepala lalikulu. Wobwereka galimoto yopita kumapiri asankhe yokoka ndi mateyala onse anayi, ndipo ndi bwino kutenganso dalaivala wa komweko, yemwe amadziwa mitsinje ndi anthu. Kuyenda usiku n'koopsa chifukwa cha ziweto zogona mumsewu ndi malo ogumuka opanda zikwangwani. Koposa zonse, pa ulendo uliwonse wa kumapiri kapena wa panyanja, mlendo asiye tsiku limodzi lapadera lodikirira.

Mu Okutobala 2025 Timor-Leste idalandiridwa kukhala membala wa 11 wa bungwe la maiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia la ASEAN, ndipo atsogoleri ake akuyembekeza kuti alendo ndi amalonda achuluka. Obwerawo adzapeza msewu wosalala wopita ku Baucau ndi ku Maubisse. Koma amene adzatsike basi pomwe tara wathera n'kukwera angguna adzakumana ndi anthu ovala nsapato za mphira, makasu ndi mafosholo m'manja, akuchotsa matope m'ngalande mvula isanabwere. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye adzadandaula za maola omwe wataya n'kubwerera kwawo. Anthu a m'ngalandewo ndiwo adzatsale, ndipo ntchito yawo ndiyo idzagamule ngati lole ya khofi idzafike pamudzi m'mwezi wa Juni.